Chombo cha Mipando Iwiri

1.

Kumanzere kuli mwezi wofiira, akutero Zione. Wofiira ngati dothi la ku Thyolo mvula ikangokata.

Waukulu bwanji?

Kuposa phiri la Ndirande.

Ndiye muziyenda pang'onopang'ono a dalaivala, tingagunde.

Ndi Lamulungu masana, abwera kumene kutchalitchi, ndipo mwamwayi magetsi alipo. Zione wakhala pa kompyuta, zala pa mabatani. Pambali pake pali mwamuna wake Fatsani, pampando wapulasitiki, nkhope italoza kukhoma. Maso ake anatha ndi matenda a shuga. Choncho mkazi ndiye amayendetsa n'kumanena, mwamuna amamvetsera. M'masipika mukumveka kaphokoso, tiki, tiki, tiki.

2.

Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, maso akadali bwinobwino, Fatsani ankakonza makompyuta mu Limbe, ndipo tsiku lina anafika pakhomo osavula n'komwe nsapato, foni ili patsogolo ngati wanyamula kandulo, akuti mayi a Tiya taonani izi, kuli anthu ena kunja akupanga gemu ya m'mlengalenga, osati zoomberana zopusazi ayi, iyi umakwera chombo chako n'kunyamuka, kutera pa mwezi, kutsika, kuyenda ndi miyendo, koma anthuwo ndalama alibe ndiye apempha dziko lonse kuti lisonkhe, chimodzimodzi mmene tinasonkhera denga la tchalitchi, ndipo aliyense wosonkha akumupatsa chombo chakechake

Mwasonkha kale, anatero Zione. Sikunali kufunsa.

Pang'ono.

Ya mawindo ija?

Mawindo sathawa, mayi a Tiya.

Nanga mweziwo ukuthawa?

3.

Zomwe analonjeza anthu akunjawo:

maiko zana, lililonse ndi nyengo yake,
mitsinje youma ndi kuzizira,
mizinda yolendewera m'mitambo,
nyama zomwe Adamu sanazitche maina,
mvula yogwa pagalasi la chombo, dontho lililonse palokha.

Liti?

Chaka chamawa.

4.

Nyumba yawo ya ku Machinjiri analowamo isanathe, monga achitira ambiri. Denga linalipo, chitseko chinalipo, pulasitala kuchipinda kokha. M'mawindo anaunjikamo njerwa zopanda matope kuti mphepo ndi akuba azilambalala. Masana m'nyumbamo munkakhala kamdima kozizira, dzuwa likulowa m'mipata ya njerwa ngati zingwe.

Alendo akayang'ana mawindowo, Zione ankawayankha asanafunse. Tikumangabe.

5.

Patatha zaka ziwiri, anthu aja anatumiza kachigawo koyamba, akuti n'kongolawitsa. Fatsani anakakopera kuntchito masiku anayi, poti bandulo ya pakhomo sikanakwanitsa. Anamuitana Zione akuchapa, thovu lili m'manja.

Chinalipo. Chombo choyera, chosongoka kutsogolo, chitaima m'galaja yaikulu. Kudenga la galajayo kunali fani yozungulira mwaulesi, tiki, tiki, tiki. M'chombomo munali mipando iwiri.

Winawo ndi wa ndani?

Wa kondakitala, anatero Fatsani, osamuyang'ana.

Anadina batani lotsegulira chitseko cha galaja. Zii. Anadinanso. Zii.

Zomwe zinachitika m'malo mwake, chaka chimenecho ndi zaka zotsatira:

munthu wake wa m'gemuyo anamira mu simenti n'kumagwa osafika pansi,
mutu unatembenukira kumsana,
chikepe chinamusiya pakati pa khoma,
chombo chinaphulika chili chiimire, kawiri,
chitseko, ayi.

Akumangabe, ankatero Fatsani.

6.

Okondedwa otithandiza, ife tikugwira ntchito usana ndi usiku. Mwezi uno takonza mmene kuwala kumagwera pa nsapato. Takonzanso kapu ya khofi kuti izitulutsa nthunzi. Za zitseko tikuzidziwa ndipo tikuthokoza kudekha kwanu. Pakadali pano tatulutsa chombo chatsopano, chachikulu kuposa chanucho, gulani msanga.

Kalata zotere zinkabwera mwezi ndi mwezi. Fatsani ankamumasulira mkazi wake mokweza.

Nthunzi ya khofi, mayi a Tiya! Munthu sanaike chitseko, akugula makatani!

Inu munagula mwezi musanaike mawindo.

 Fatsani anaseka mpaka kutsokomola. Koma madzulo ake Zione anamupeza ali m'galaja muja, wangokhala pampando wa dalaivala, manja pamiyendo, akuyang'ana chitseko.

7.

Tadutsa mwezi uja, akutero Zione. Tsopano pansi pali mtsinje wouma gwa ndi kuzizira, wokhotakhota ngati Shire pa Liwonde.

Mvuu zilimo?

Zilimo, koma zavala majuzi.

Imani pamenepo tigule chimanga chootcha.

Inu kondakitala wanji wofuna kuima paliponse? Tifika mawa?

Tiki, tiki, tiki.

8.

Adokotala sanazungulire. Diso lakumanja lapita, lakumanzere mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka.

Ntchito ya ku Limbe inatha, poti tizitsulo ta m'kompyuta sitinkaonekanso. Fatsani anayamba kukhala pafupi ndi sikirini, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Tsiku lina anawalembera anthu aja, zilembo zazikulu ngati za pa chikwangwani.

Sindikufuna kuti mundibwezere kanthu. Maiko zana aja asiyeni, sindiwaonanso. Ingonditsegulirani chitseko ndione kunja kamodzi, maso anga akutha.

Yankho linabwera mphindi yomweyo, lochokera ku makina. Zikomo potilembera. Uthenga wanu ndi wofunika kwa ife.

Fatsani anayamba kuwerenga miyezi. Zione anayamba kudana ndi anthu omwe sanawaonepo, ankawatukwanira mumtima akusita, akusesa, ngakhale pa nthawi ya chopereka.

9.

Iwe Zione, unakwatiwa ndi munthu wa malonjezo. Akukufunsira pa siteji ya basi anati adzakutengera ku Cape Town. Tiya atabadwa anati ku Dar es Salaam, ukaone nyanja yamchere. Kutali komwe munafika ndi ku Mzuzu, ku ukwati wa Tiya yemweyo, basi n'kufera pa Jenda. Sunadandaule. Unkangoti, tidzapita.

10.

Mwezi wachisanu ndi chitatu, mdima.

Fatsani atatha masabata osakhudza kompyuta, Tiya anaimba foni. Adadi, gemu yanu ija akuti atulutsa zatsopano, akuti akonza zambiri.

Fatsani anatumiza mkazi wake ku Limbe, kwa anzake akale a kuntchito, kukakopera. Atabwera anamukhazika pampando wake, natenga zala zake m'manja mwake, kuziika pa mabatani chimodzichimodzi. Ili ndi lopitira kutsogolo. Ili ndi lokhotera. Osati mwamphamvu choncho, simukukanda mandasi. Ili ndi la chitseko.

Dinani.

Anadina.

Chatseguka?

Zione anayang'ana pa sikirini nthawi yaitali. Anayang'ana mwamuna wake, yemwe anali atavala malaya a kutchalitchi pa Lachitatu, mabatani atapisa molakwika.

Chatseguka, bambo a Tiya.

Fatsani anapendeketsa mutu ngati akumvetsera kanthu. 

Ndiye tiyeni, a dalaivala. Mukudikira adzadze?

11.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse magetsi akakhalapo. Dziko la mchenga wobiriwira. Dziko lomwe mvula imagwa chokwera. Mzinda wa m'mitambo, wokhala ndi msika wa kaunjika wa anthu a manja anayi.

Akumangabe? anafunsa Tiya pa foni.

Amaliza, anatero Fatsani. Amaliza bwino kwambiri.

12.

Pa sikirini pali chitseko chotuwa, chotseka. Chombo chili pomwe chinaima zaka zinayi zapitazo. Zatsopano zija zinali nthunzi ina ya khofi.

Lero Zione watopa. Thyolo wamugwiritsa ntchito, Liwonde, Jenda, phiri la Mulanje kawiri. Malo omwe anafikako m'moyo wake atha. Watsegula pakamwa, palibe chikutuluka, zala zili pa mabatani omwe sachita kanthu.

Mayi a Tiya.

Ee.

Fani ya m'galajamo ndinaimvera zaka zambiri. Munthu ukatuluka panja, siingamakutsatire mpaka ku mwezi.

Tiki, tiki, tiki.

Munadziwa liti?

Tsiku lomwe lija.

Ndiye mwakhala mukundiseka?

Kukusekani? Awo anandilonjeza maiko zana, sanandifikitse ngakhale pageti. Inu mwandifikitsa khumi ndi anayi, ndakhala ndikuwerenga. La mvuu za majuzi lija tidzabwerereko.

Dzanja lake likufufuza mumpweya, lapeza chigongono cha mkazi wake, latsika mpaka pa zala.

Cha mpando umodzi chinali chotchipa, akutero. Mawindo awiri akanatsala. Ndinkafuna ndikutengereni kwinakwake, kamodzi kokha.

Zione akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mwakachetechete, ngakhale akudziwa kuti munthuyu amamva zonse.

Nanga tangoima pamsewu, a dalaivala? Kumanzere kuli chiyani?

Zione akutembenukira kumanzere. Kuli windo lija, njerwa zounjika, ndipo pampata wina dzuwa lalowa, fumbi likuvina m'kuwalako.

Kuli tinyenyezi, akutero. Tambirimbiri, tating'ono, tikuyenda tonse mbali imodzi.

Tili pafupi?

Mutatambasula dzanja mukhoza kutikhudza.

Fatsani akutambasula.