Chipsera cha Da-som

Mayi Pyo anabereka ana atatu popanda mpeni, ndipo ankanyadira zimenezo. Choncho mwana wawo wamkazi, Da-som, atachira kudzera pa opaleshoni mumzinda wa Daegu, iwo anasamukira kwa iye kukamuthandiza ali ndi maganizo oti mwanayo wadutsa njira yofewa. Ankamuphikira msuzi wa ndere za m'nyanja m'mawa ndi madzulo, kumuletsa madzi ozizira, kumuveka masokosi ngakhale kunja kukutentha.

Patatha miyezi iwiri, Da-som anawauza mwamanyazi kuti akayetsemula mkodzo umatuluka wokha, ndiponso pachipsera pamakoka ngati wina wamanga chingwe m'kati. Namwino anali atamulozera malo ochitirako mafizo a amayi ongobereka kumene. Mayi Pyo anaseka.

"Iwe, mwana anatulukira pamimba. Kumunsiko kwavulala liti? Ukufuna ukavule pamaso pa mlendo chifukwa cha timadontho? Pirira, zidzatha zokha."

Da-som anamvera. Mwana atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, anabwerera kuntchito yake yophunzitsa ana masewera omenyana a taekwondo. Tsiku lachitatu, akuonetsa kaponyedwe ka mwendo, buluku lake loyera linanyowa ana onse akuona. Kamtsikana kena kanaloza, anzake n'kuyamba kutsinana. Da-som anamaliza phunzirolo atadzimanga juzi m'chiuno, ndipo sabata yomweyo anasiya ntchito imene anaigwira zaka khumi.

Za mafizo sanafunsenso maganizo a munthu. Analembetsa yekha, n'kungowapempha amayi ake kuti amuperekeze akamugwirire mwana.

Wochititsa mafizoyo anali mayi wachitsikana dzina lake Ok, wolankhula modekha. Mayi Pyo anakhala kuseri kwa katani mdzukulu ali pamiyendo, ndipo ankamva zonse. Ok anafotokoza kuti minofu ya pansi pa chiuno imasenza mwana miyezi isanu ndi inayi, ndipo imatha kufooka kaya mwanayo atulukire pati. Anati chipseracho chinamatirira ku minofu ya m'kati, n'chifukwa chake chinkakoka. Anamuphunzitsa kuchisisita ndi zala pang'onopang'ono, kupuma ndi mimba, ndi kumanga minofu yakumunsi kenako n'kuimasula. Anamuuza kuti sizinachedwe, kungoti akanabwera msanga ntchito ikanachepa. Kenako anamufunsa chimene chinamuchedwetsa.

"Ndinali wotanganidwa," anatero Da-som.

Bodza limenelo linawapweteka Mayi Pyo kuposa mwano. Mwana wawo ankabisa kulakwa kwawo. Koma panalinso china. Chibadwire mwana wawo wachiwiri, zaka makumi atatu zapitazo, iwonso ankadontha. N'chifukwa chake anasiya kukwera phiri la Palgong ndi anzawo Lamlungu, akumanamizira mawondo. Maulendo aatali a basi ankawakana, ndipo ngakhale kuseka ankaseka atapana miyendo. Palibe amene anamuuzapo, ngakhale malemu amuna awo. Iwo ankayesa kuti umayi ndi mmene umakhalira, osadziwa kuti kuli anthu amene ntchito yawo ndi yothandiza zimenezo.

M'sitima pobwerera anayesa kangapo kutsegula pakamwa. Atatsala pang'ono kutsika m'pamene mawu anatuluka. Anamuuza zonse, za phiri, za basi, n'kupepesa. Da-som anawayang'ana nthawi yaitali, akukonza chipewa cha mwana.

"Amayi, mukanangonena kuti simukudziwa. Ine ndinakukhulupirirani."

Da-som anachita mafizo miyezi inayi, kawiri pa sabata, mpaka anayambanso kudumpha chingwe osaopa. Koma malo ake kuntchito anali atapatsidwa wina, ndipo ngakhale akanakhalapo, iye anati sakanatha kuimanso pamaso pa ana aja. Anapeza ntchito yophunzitsa akuluakulu kutali, kutsidya lina la mzinda.

Mayi Pyo nawonso analembetsa kwa Ok. Anauzidwa mosabisa kuti kusintha kudzakhalapo, koma kudzabwera pang'onopang'ono. Da-som ndiye ankawakumbutsa masiku opita, ndipo sanawakalipirepo. Kungoti china chake chinasintha pakati pawo. Tsiku lina mwana atatuluka totupa pakhosi, Mayi Pyo anali pomwepo akupinda zovala, ali ndi mawu kale pakamwa. Da-som anawadutsa, n'kutenga foni kuimbira namwino. Iwo anameza mawu awo, napitiriza kupinda zovalazo.