Penti Wofiira m'Chikwama cha Latifu

Latifu Mdoka wa ku Chikweo ankapanga timagalimoto ta malata ndi timatabwa, toyeza ndi rula, kuti chitseko ndi matayala zifanane ndi za galimoto yeniyeni. Chinkamuvuta ndi penti. Wa mafuta uja ankasiya mizere ya bulashi, ndipo fungo lake linkamupweteketsa mutu mkazi wake Zaina.

A Yunusu, dalaivala wopuma pantchito wa pa Nselema, atamupempha kuti awapangire kalole kofanana ndi lole imene anayendetsa zaka makumi awiri, Latifu anati ulendo uno sapaka ndi bulashi, agula chopoperera penti. Atamaliza kukapanga, anaika kaloleko m'chikwama n'kukwera minibasi ya ku Balaka.

M'sitolo ina kuseri kwa depoti, mayi wogulitsa, a Jacqueline, anamuyalira timabotolo ta penti wa akiliriki.

"Uyu ndi wa madzi, achimwene. Muzimusungunula mpaka akhale ngati mkaka. Akakhala phala atseka chopoperera. Ndipo musamachedwe naye, amauma msanga."

Ofiira analipo awiri, wina wonga njerwa, wina wodera. Latifu anayerekeza ndi chithunzi chakale cha lole ija chimene a Yunusu anamupatsa, anatuluka nacho padzuwa, anabwereranso, kenako anasankha woderayo. Anagulanso chopoperera chogwirapo kale ntchito: kamfuti kakang'ono ngati cholembera, kokhala ndi singano yaitali mkati, kapaipi, ndi kampope ka batire. A Jacqueline anakayesa pa katoni, n'kumuwonjezera magolovesi ndi masiki.

Inali miyezi ija anthu ankalankhula za anamapopa paliponse, kuti akuyenda ndi timakina topopera magazi a anthu. Latifu anamva kuti alendo ena anamenyedwa, koma sanaone kuti zikumukhudza. Iye anali mwana wa konkuno.

Anatsika pa Nselema cha m'ma 3 koloko masana n'kukwera kabaza. Atayenda ndithu, pa kamlatho kena, anapeza chipika chitapingasa msewu. Panali amuna oposa khumi, ena ndi zibonga, ena ndi zikwanje. Latifu anayang'ana nkhope zonse, osapeza ndi imodzi yomwe yoidziwa. Kwawo kunali kudakali kutali.

Wamtali wina, amene anzake ankamutchula kuti Akimu, analoza chikwama.

"Tsegulani, bambo."

Latifu anatsegula. Chotsekera cha botolo chinali chitamasuka m'mabampu, magolovesi onse ali psuu. Akimu anawakweza m'mwamba ndi nsonga ya chikwanje. Mayi wina amene ankachokera kumjigo anakuwa, ndipo anthu anayamba kutuluka m'minda ya chinangwa akuthamanga.

"Ine sindikuwadziwa awa, ndangowatenga pa siteji," anatero wakabaza uja. Anatembenuza njinga yake, osayang'ananso m'mbuyo.

Akimu anatulutsa kapaipi, kampope, kenako kamfuti kaja.

"Ichi n'chiyani?"

"N'chopoperera, achimwene. Ndimapopera nacho..."

"Mwamva? Wavomera yekha kuti amapopa!"

Khofi linamugwera kukhutu, dziko lonse n'kulira. Anapezeka atakhala pansi m'fumbi, miyendo ya anthu itamuzungulira. Kumbuyo wina ankafunsa amene ali ndi petulo. Latifu anafuna kutchula dzina la mudzi wake, la amalume ake, la shehe wa kumzikiti kwawo, koma panalibe womumvera. Chimene ankaona m'maso mwake ndi Zaina ali pakhonde, akuyang'ana kumsewu.

"Ndi penti! Wallahi, ndi penti!" Mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati si ake. "Muli kagalimoto m'chikwamamo. Ndiloleni ndikuonetseni, mukatero muchite zimene mukufuna."

Akimu anapisa dzanja n'kutulutsa kalole kaja, kotuwa, kosapaka. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kukaponya pamiyendo ya Latifu.

"Tionetse. Ukanama, pano suchokapo."

Latifu analumikiza kapaipi ataphonya kawiri. Kampope katayamba kulira, anthu anabwerera m'mbuyo, ena n'kutola miyala. Anathira penti m'kakapu ka pamwamba pa kamfutiko, analoza chitseko cha kalole, n'kudina.

Panatuluka mpweya wokha.

Anadinanso. Palibe. Apo anakumbukira kuti a Jacqueline atayesa pa katoni paja, sanatsuke. Penti anali ataumira kukamwa kwa kamfuti, ndipo njira yotsegulira inali imodzi yokha: kusolola singano ija anthu onsewa akuona.

"Yatseka," anatero. "Muli singano mkatimu. Ndiitulutsa kuti ndiipukute. Chonde, musadzidzimuke."

Itangotuluka, yaitali, yonyezimira padzuwa, mfuu inabuka. Mwala unamumenya pamwamba pa diso. Magazi anatsikira m'kamwa, koma sanayerekeze kukweza dzanja. Anapala nsonga ya singano ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, podziwa kuti ikapindika ndiye kuti zake zatha.

"Madzi pang'ono," anapempha. "Penti walimba."

Palibe anasuntha. Kenako mayi anakuwa poyamba uja anatula ndowa yake, anatunga ndi chikho, n'kuchikankha ndi phazi mpaka pafupi naye.

"Mayi Monica, mukuthandiza mfiti?" wina anafunsa.

"Ndikufuna ndione ndi maso angawa," anayankha.

Latifu anadontheza madzi m'kakapu, anavundula ndi kaudzu, anabwezera singano. Kampope kanali katayamba kulira mofooka, batire ikutha. Anati bismillah chamumtima, n'kudina.

Kautsi kofiira kanatuluka. Kanagwera pachitseko cha kalole mosalala, kopanda mzere ndi umodzi womwe. Anayendetsa dzanja kumanja ndi kumanzere mpaka mbali yonse ya kutsogolo inafiira. Kampope kanazima kokha.

Mayi Monica anagwada, anakhudza chitsekocho ndi chala, ananunkhiza. Kenako anayang'ana magazi amene ankadontha pachibwano cha Latifu, n'kuyang'ananso chala chawo.

"Uyu ndi penti, a Akimu. Magazi ndi awo ali kumasowo."

"Amasanduliza amenewa!" wina anakuwa kumbuyo, koma amene anamuvomera anali ochepa. Ena anali atayamba kale kutaya miyala mwakachetechete, maso ali kumbali.

Akimu anatola kamfuti kaja, anasolola singano monga anaonera, anaipinda pachipika mpaka inathyoka.

"Nyamula zakozo. Usadzadutsenso nazo kuno."

Latifu anayenda wapansi mtunda wonse wotsala, kalole kali kukhwapa. Njinga iliyonse ikamveka kumbuyo ankapatukira m'tchire, n'kudikira idutse. Anafika dzuwa likulowa. Zaina atamuona malaya ali ofiira anagwetsa lichero la nandolo, anamugwira mutu, akufufuza pamene pachekeka.

"Zambirizi ndi penti," Latifu anatero, akufuna kuseka. M'malo mwake anakhala pansi pakhomo pomwepo, n'kuyamba kulira mokweza, moti a nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzafunsa amene wamwalira.