Kolala ya Bambo a Mapasa

Lole ya simenti itagunda takisi ya bambo a mapasa kumbuyo, galimoto inafwanyika ngati chitini, koma eni ake anatulukamo amoyo, khosi lokha ndi limene linabinya. Kuchipatala anawaveka kolala yoyera yolimba ija, nati avale masabata awiri. A inshuwalansi nawo anati ndalama zituluka pakatha masabata awiri. Khosi linasunga pangano, koma a inshuwalansi, kaya. Ukawaimbira ankati fayilo ili patebulo la abwana, ndipo abwanawo ali kumsonkhano.

Pofika mwezi wachitatu mabilu anali mbwee pamwamba pa firiji. Chowasowetsa tulo bamboyo chinali lendi. Eni nyumba, mkulu wina wosadziwa kuseka, anali atanena kale kuti akadzabwereranso chimanjamanja, katundu adzagona panja. Bamboyo akayang'ana mapasa awo akulimbirana pensulo patebulo, mtima unkawawawa zedi.

Tsiku limene mkuluyo anagogoda, mayi a mapasa anasolola kolala ija m'kabati n'kuwamanga amuna awo mwachangu. Eni nyumba ataona munthu akutembenuka thupi lonse kuti awapatse moni, anangopukusa mutu, nati abweranso mwezi wamawa. Wodula madzi naye anabweza sipanala m'chikwama, mpaka kupepesa. Kolala inayamba kugwira ntchito kuposa takisi.

Anthu apamdadada si ana. Telala wa khomo loyamba anabwera kudzaibwereka, kenako mayi wa saluni, kenako mphunzitsi. Mayi a mapasa anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, za inshuwalansi n'zamphepo, choncho anayamba kulipiritsa pa tsiku. Magetsi anayakanso m'nyumba. Chimene onse anaiwala n'chakuti makomo anayi onsewo mwini wake anali mmodzi.

Loweruka lina mkulu uja anatulukira osanena. Pa khomo loyamba anapeza telala ali gwaa m'kolala, akubuula. Pamene mkuluyo ankasunthira khomo lina, kolala inadutsira pazenera lakuseri. Pa khomo lachiwiri anapeza mayi wa saluni, nayenso gwaa. Mphunzitsi chimodzimodzi. Kwa bambo a mapasa inafika yotentha, yonunkhira mafuta atsitsi, ndipo pothamanga anaivala chadodolido.

Eni nyumba analowa osaodira, natseka chitseko, nakhala pampando. Anaiyang'ana kolalayo nthawi yaitali. Bamboyo m'mutu anali akuwerenga kale kuti bedi alisungitsa kwa ndani, mapasa akagona kuti.

"Khosi lanu linapola kalekale, bambo," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Ndinakuonani mukulonda mpira pa wailesi yakanema ya m'golosale, mutu uku ndi uku."

Bamboyo anayamba kupepesa, akutchula fayilo, abwana ndi msonkhano, koma mkuluyo anakweza dzanja. Anati mdadada wonsewu anaumanga ndi ngongole, akubanki amulembera kalata yachitatu, ndipo akauulanda, onse agona panja, iye woyamba.

"Akundifuna Lachinayi m'mawa. Lendi ya mwezi uno tiiwale. Kodi imeneyi ingandikwane?"

Bambo a mapasa anaivula, naipukuta ndi malaya, nawamanga mkuluyo bwinobwino. Inathina pang'ono pachibwano.

"Akakuitanani musacheuke, achikulire," anawalangiza. "Muzitembenuka ndi mapewa omwe. Tayesani, ndione."