Chikhoti cha Ulonda

Tsiku limene Chitsirizira ankanyamuka kupita kunja, achemwali ake analumbira ali chiimire pakhomo, sizasi ili m'manja: "Chikhoti cha bambo sindidzachidula. Udzachipeza, ngakhale udzabwere ndi imvi."

Lumbirolo silinali lamasewera, chifukwa m'nyumba muja nsalu yokhuthala sinkakalamba. Achemwaliwo ankasoka zikwama za m'manja, ndipo chiphunzitso chawo chinali chimodzi: chikwama chimayamba kufa pansi. Choncho pakati pa nsalu yakunja ndi yam'kati ankabisapo chigamba cholimba, n'kuchipondereza ndi misoko yopingasana. Makatani anathera momwemo. Jinzi ya alamu inalowa m'chikwama mwini wake ali kubafa. Chimene chinapulumuka ndi chikhoti chomwe malemu bambo ankavala ku ulonda, cholemera ngati mwana wa ng'ombe, chopsa pathumba pomwe chinakhudza mbaula.

Chitsirizira anabweradi ndi imvi. Msewu wawo anaupeza utadzaza timashopu ta mafoni, mtengo wa pakhomo utadulidwa, ana a m'nyumba akumupatsa moni ngati wodzawerenga mita ya madzi. Zonsezo anangomeza. Iye anadzera chikhoti, moti m'sutikesi anasiyamo dala malo ake.

"Afika azungu athu!" anatero achemwali, phazi lili pa makina. "Khala apo. Ayi, osati apo, pali mapini."

"Achemwali, chikhoti chija?"

"Munthu sunamwe n'madzi omwe, wayamba kale milandu? Taona kaye ichi."

Anatulutsa chikwama chatsopano, chachikasu, zogwirira zake zazitali. Atachiika patebulo chinaima chokha ngati msilikali.

"Ndinakusokera iwe nditangomva kuti ukubwera. Chakocho bwanji, chayasamula?"

Chinali chitayasamuladi. Chikwama cha Chitsirizira, chogula m'sitolo ya magalasi okhaokha, chinang'ambika pansi potsika basi, mankhwala ndi makiyi n'kumwazika pamaso pa anthu.

"Zakunja ndi nkhope chabe," anatero achemwali. "Komanso nsalu za masiku ano ndi madzi okhaokha. Ena akuika makatoni. Makatoni! Mvula ikangoti waa, chikwama phala. Ine mng'ono wanga anyamule katoni? Ndinazungulira nyumba yonse kufuna choika pansipo."

M'mawa mwake anapita limodzi kumsika kukachiyesa. Achemwali ankangoponyamo: mbatata, kabichi, botolo la mafuta, sopo.

"Mayi, chiphulika chimenecho," anachenjeza wogulitsa mbatata.

"Chiphulike? Lowanimo inuyo, tikakutuleni kwanu!"

Chitsirizira anaseka mpaka misozi, kuseka kumene anali atakuiwala chichokereni. Phewa linkawawa, koma chikwama osagwedera. Pobwerera anafunsanso za chikhoti, achemwali n'kuyamba kulonjerana ndi munthu wa tsidya lina la msewu.

Atafika kunyumba, achemwali anabwerera pa makina. Chitsirizira anakhuthula katundu kukhitchini, n'kulowetsa dzanja m'chikwama kuti achotse dothi la mbatata. Zala zake zinakhudza kanthu kotukuka kuseri kwa nsalu yam'kati, kakang'ono, kolimba m'mbali. Anasuntha chala, n'kupeza kena. Kenako kena, pamzere umodzi. Anakumbukira kuti ali mwana, ntchito yake madzulo inali kumanga mabatani a bambo asanapite ku ulonda, kuyambira m'munsi mpaka pomwe msinkhu wake unkalekezera. Zibowo za mabatani zimenezo zala zake zinkazidziwa.

Anatenga pini patebulo n'kuyamba kutongola ulusi wa pakona.

"Iwe, usandimasulire msoko wanga!" anakuwa achemwali, makina ali gudugudu. "Ukudziwa kuti ndinathyolapo singano zingati pamenepo?"

Kona inatseguka. Munali nsalu yakuda, yokhuthala, yopindidwa pawiri, ndi chipsera cha mbaula chili pompo.

Chikhoti chija achemwali anali atachidula.