Mapepala a Felistus

"Ba anti, mapepala anga ali kuti?" anafunsa Felistus, mwana wa mlongo wanga, akupapasa m'katoni pansi pa bedi.

"Mapepala ati?"

"Aja olimba. Manotsi anga. Mayeso ni pa Mande."

Ndinali pakhomo ndikukazinga vitumbuwa, ndipo mphika wonse unapserera ndikuuyang'ana.

Felistus anabadwa wosaona. Ankakhala nane m'komboni ya Kalingalinga chifukwa koleji yake inali pafupi. Zaka zimenezo chilichonse chinali cha pamzere, ufa, sopo, mafuta, ndipo ngakhale nyuzipepala zokulungira malonda zinkasowa. Tsono nditapeza mapepala oyera opanda inki, ongotupa timadontho ngati khungu la nkhuku yososola, ndinati Mulungu wandikumbukira. Sabata yathunthu ndinakulungiramo vitumbuwa. Ine wa maso awiri, umbuli wake umenewo!

Kolejiyo inalibe buku ngakhale limodzi la zilembo za osaona. Timadontho tonseto anaboola yekha ndi kachitsulo, aphunzitsi akulankhula, chaka chonse.

Ndinaulula ndikulira. Iye sanagwetse msozi. Anangotenga ndodo yake.

"Mwenze kugulitsa kuli bandani? Tiyeni."

Tinayenda khomo ndi khomo kwa onse amene ndinawagulitsa vitumbuwa, iye patsogolo, ine m'mbuyo ndi manyazi anga. A Cathrine anali atasunga mapepala asanu oyatsira mbaula. A Dixon, owotcherera mageti, anakasolola awo pansi pa mwendo wa tebulo.

"Kansi ni sukulu iyi?" anatero akuwongola pepala pa ntchafu. "Ise tenze kuona monga ni design chabe!"

Anatseka shopu n'kutiperekeza. Pofika Lamlungu masana, anthu ankabwera okha ndi mapepala onona mafuta. Koma mapepala ambiri anali atapsa kale. A Dixon anadula makatoni a sopo, anzake a Felistus a m'kalasi n'kumamuwerengera manotsi awo mokweza, iye akuboola mpaka chala kutupa. Sindinaonepo munthu wolimba mtima chotero, ndipo ndinamunyadira kwambiri.

Patapita zaka ziwiri anafika pamalo panga pogulitsira atavala gauni, m'manja muli pepala lolimba lolembedwa ndi inki. Analisisita, koma zala zake sizinapezepo kanthu.

"Ba anti, iyi balembela imwe ba maso. Nibelengeleni."

Ndinapukuta manja pachitenje kawiri konse. Ndisanaligwire, analikokera pachifuwa pake.

"Koma vitumbuwa viikeni patali."