Tsiku Limene Anamiza Lobo

Amâncio Felgueiras anamva nkhaniyo kwa wometa tsitsi, lumo lili pakhosi. Akuti boma lagamula zokamiza sitima yotchedwa Sequeira Lobo kunyanja ya kummwera, kufupi ndi gombe, kuti isanduke nyumba ya nsomba, alendo okonda kusambira pansi pa madzi azikaiona.

"Si sitima yanu ija imeneyi, madala?" anafunsa wometayo.

"Ndi yomweyo," anatero Amâncio.

Sitimayo anaikwera ndevu zisanamere bwino, penti yake ikadanunkha. Inali sitima yankhondo yopangidwira ntchito imodzi: kusaka sitima za adani zoyenda pansi pa madzi. Amalinyero ankangoitchula kuti Lobo. Ntchito ya Amâncio inali kumvetsera. Ankakhala m'kachipinda kopanda zenera m'mimba mwa sitimayo, zomvera zili kumakutu, kutchera khutu ku chilichonse choyenda m'nyanja. Ankatha kusiyanitsa kulira kwa namgumi ndi injini ya boti la asodzi lili kutali, n'chifukwa chake anzake anamupatsa dzina loti Makutu.

Koma boma la nthawi imeneyo linali ndi nkhondo ina. Lobo anaitumiza ku Guinea ndi ku Angola, kumene kunalibe n'komwe sitima yapansi pa madzi yoti n'kuisaka. Inkaperekeza sitima zonyamula asilikali, popita anyamata akuimba, pobwera ena ali m'mabokosi. Nkhondoyo itatha inanyamula mabanja othawa, ndi matiresi awo ndi mapoto awo, ana akulira usana wonse. Kenaka inayamba kupita kunyanja yozizira ya kumpoto pamodzi ndi sitima za maiko ogwirizana nawo.

Kumeneko ndi kumene Amâncio anamva sitima yapansi pa madzi ya adani, kamodzi kokha pa moyo wake wonse. Kanali kaphokoso kotsika, kosalekeza, ngati munthu akupuma kuseri kwa chitseko. Anaitana kaputeni. Anailondola masiku angapo, kaputeni ataima kumbuyo kwake, dzanja lili paphewa lake, sitima yonse ili zii, ngakhale wophika osagogoda poto. Kenaka kaphokosoko kanatsikira m'madzi akuya n'kuzimirira. Panalibe bomba lomwe linaponyedwa. Zaka zambiri pambuyo pake Amâncio ankaganizirabe za munthu wina amene anali m'sitima ija, zomvera zili kumakutu, akumumvera iyenso. Ankadzifunsa ngati munthuyo anali ndi mkazi, ndiponso ngati mkaziyo ankamudandaula monga Deolinda.

"Iwe unakwatira chitsulo," ankatero Deolinda. "Ine ndine mkazi wamng'ono chabe."

Mwana wawo Graciete anakula bambo ake akungowaona ngati mlendo wobwera ndi maswiti. Lobo itayamba kukalamba anaipatsa ntchito zina, kuthamangitsa maboti opha nsomba mozemba, kupulumutsa asodzi pa namondwe, kuphunzitsa amalinyero atsopano. Amâncio anapuma ntchito khutu lamanzere litafa. Anati tsopano akhale pakhomo, koma Deolinda anangokhala naye chilimwe chimodzi n'kudwala, n'kupita. Graciete anakwatiwa ku France, ndipo ankaimba foni Lamulungu akakumbukira. Lobo nayo anaimangirira pakona ya doko, dzimbiri n'kumaidya.

Atachoka kometetsa kuja, anayamba kuimbira anzake akale. Wina anali atamwalira chaka chatha osamuuza. Kwa wina anayankha ndi mkazi wake, nati bambowo sazindikiranso anthu. Pomaliza anapeza Custódio, amene anali wophika wawo.

"Custódio, mfiti iwe, ukadali moyo?"

"Ndani ameneyo? Aa, Makutu! Ndimayesa unakwiriridwa kalekale."

"Akukamiza Lobo Loweruka. Tiye tikaiperekeze."

"Ndikaone chiyani ine? Ndinasanza mokwanira m'chitini chimenecho. Komanso Loweruka mdzukulu wanga akubatizidwa. Ndikasowa, mayi akunyumba andimiza ineyo."

"Akanamiza supu wako wa nyemba uja, nsomba zonse zikanathawa."

"Chonsecho unkanyambita mbale! Pita, aise, ukandiuze mmene yathera."

Anaseka onse awiri. Foni itaduka, Amâncio anakhala nayo m'manja kanthawi.

Loweruka analawirira basi ya kummwera, atavala jekete lake labwino. Padoko panali boti lalikulu la akuluakulu, lokhala ndi mbendera ndi oimba malipenga. Iye analibe chiitano, ndipo sanafune kupempha. Anayenda mpaka kumapeto kwa doko, kumene mayi wina wojintcha ankatsuka boti lake lausodzi. Dzina lake anali Natércia.

"Mayi, simungandifikitseko pafupi ndi sitima ijayi?"

"Inunso mukufuna kukajambula, bambo?"

"Ayi. Ndinkagwiramo ntchito."

Natércia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Kwerani. Koma jekete limenelo linunkha nsomba, musadzandinene."

Lobo anaipeza ili yokha pakati pa nyanja, maboti ataizungulira chapatali. Mizinga anali atazula, milongoti atadula, m'nthiti mwake ataboola mazenera akuluakulu kuti osambira azidzalowera. Amâncio anadabwa kuona kuchepa kwake. Anafunafuna ndi maso pamene panali kachipinda kake, koma kanali kunsi kwa madzi monga kale.

Mabomba amene anatchera m'kati mwake anaphulika motsatizana, osati mwaukali, utsi wotuwa n'kutuluka m'mazenera muja. Anthu a m'maboti anakuwa, kuomba m'manja, kuliza mahutala. Sitimayo inayamba yakhala phee ngati sinamve kanthu. Kenaka mphuno yake inawerama.

"Zimitsani injini, mayi, chonde."

Natércia anazimitsa osafunsa. Amâncio anagwada movutikira, nagona chammbali pansi pa botilo, pamamba a nsomba, khutu lamanja ataligunditsa kuthabwa.

Anamva zonse. Mpweya unkatuluka mobwebweta, zitsulo zikubuula ngati ng'ombe yodwala. Chitseko china chinamenyetseka kawiri, ndipo anachidziwa: chinali cha kukhitchini ya Custódio, chimene sichinkatsekeka bwino chiyambire. Kwa zaka zonse zija anamvera zinthu za eni pansi pa nyanja, koma Lobo anali asanaimvepo kuchokera kunja. Phokosolo linanka litsika, litsika, mpaka kunamveka kugunda kumodzi kolemera, mchenga n'kuyamba kusokosa ngati mvula yowaza.

Atadzuka, pamadzi panali thovu loyera basi. Maboti ena anali atayamba kale kubwerera.

"Mwamva chiyani, bambo?" anafunsa Natércia.

"Yafika," anatero iye. "Ndipo yakhala chilili, sinagwere kumbali."

Mayiyo anangogwedeza mutu, namupatsa nsanza kuti apukute tsaya. Padoko anamukulungira nsomba zinayi zikuluzikulu m'pepala, namukankhira m'manja. "Mukawapatse amayi akakazinge."

Amâncio anathokoza, osakonza mawuwo.

Podikira basi anaimbira Custódio. Kumbali inayo kunali phokoso la mbale, ana, ndi munthu wina akuimba molakwitsa.

"Makutu! Yamira bwino?"

"Yamira bwino. Chitseko chako chija chinali chikadamenyetseka."

"Wati chiyani? Sindikukumva, kuno kuli chipwirikiti! Ndikuimbira mawa, wamva?"

"Ndamva."

Anafika kwawo dzuwa litapendeka. Anayala nsombazo patebulo n'kuona kuti munthu mmodzi sangazithe. Anatenga ziwiri, naziika m'kathumba, nakwera masitepe kupita kwa banja lina limene linasamukira pamwamba pake chaka chatha, limene ankangolonjerana nalo osadziwa maina. Anagogoda, nadikira, nagogodanso. Munalibe munthu. Anapachika kathumbako pachogwirira chitseko, natsika pang'onopang'ono kukayatsa moto.