Nyali Zitatu za ku Antiokeya

Ndinawapeza amuna anga, a Zenobio, atagwada kuseri kwa chipilala chogumuka, mtsuko wanga wa mafuta a azitona uli m'manja.

Linali tsiku lachisanu ndi chitatu chibadwire mwana wathu, tsiku lomutcha dzina. M'mamawa apongozi anga, mayi Marthana, anayatsa nyali zitatu zadothi pamwamba pa chipilalacho, chomwe chivomezi chinagwetsera m'bwalo mwathu kuchokera ku msewu waukulu. Nyali iliyonse anaimangirira dzina. Yomalizira kuzima ndiyo ikanapereka dzina la mwana, ndipo amati dzina lotero limabwera ndi moyo wautali. Koma dzuwa linapendeka, zonse zikuyakabe. Wansembe anatumiza mawu kawiri. Apongozi anayamba kudabwa kuti wogulitsa mafuta uja wasanduka liti munthu wachilungamo.

"Kani ndinu," ndinatero. "Mafuta ophikira amenewo. Mwathira iti?"

"Zonse."

"Zonse? Ndiye mwanayu akule tikumuitana kuti iwe?"

Sanaseke. Anandikumbutsa za mwana wathu woyamba, amene nyali yake inayaka mpaka madzulo koma iye sanathe miyezi iwiri. Anati sangapirire kuonanso lawi likuchepa.

Ine kuphunzira ndinalekezera pa zilembo zochepa, mayina ajawo sindinkatha kuwawerenga. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti mwana wopanda dzina sitingalowe naye m'tchalitchi. Ndinanyowetsa zala ndi malovu, n'kutsina zingwe za nyali ziwiri. Mafuta otsalamo ndinakhuthulira mu yachitatuyo mpaka kusefukira.

"Werengani dzinalo," ndinawauza amuna anga.

"Romano."

"Basi. Kwatsala kumuyamwitsa ndi kumufunditsa, ndipo zimenezo n'zanga."

Apongozi anatuluka m'nyumba atanyamula khandalo. Anayang'ana nyali yodzaza ija. Anayang'ana mwana wawo, bambo wandevu, atabisa mtsuko kumbuyo ngati sukuoneka. Kenako anandigwira dzanja n'kulitembenuza. Zala ziwiri zinali bii ndi mwaye.

Ndinangodikira kuti andikalipire.

"Romano akuchedwa kutchalitchi," anatero, osandiyang'ana kumaso.

Anapereka khandalo kwa bambo ake, naviika nsonga ya mpango wawo m'mafuta a nyali yoyakayo, ndipo anayamba kundipukuta zala mofatsa, ngati nanenso ndinali khanda lawo.